Kodi tikabwera ndi nambala ya ku Indiana atilandira bwanji ku Ontario?

Nachisale (South Bend, Indiana)
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu a mbali ya Canada. Mwana wa achemwali anga akumanga ukwati ku Brampton mu December 2025, ndipo tikufuna kubwera pa galimoto, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri. Bambowa ndi mzungu wa konkuno ku Indiana, ana ali ndi mapasipoti a America, ine ndili ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America. Tsono apongozi anga akutiopseza kuti masiku ano anthu a ku Canada sakufuna kuona munthu wa ku America, ati akaona nambala ya galimoto akumakanda penti ndi kiyi kapena kuphwetsa matayala. Pamaso pawo ndinaseka, koma usiku tulo tinavuta. Inu amene mukukhala nawo anthuwa, zoona zake ndi ziti? Tibwere, kapena tingotumiza envulopu?

Bambo a Yamikani (Windsor)
Bwerani mayi, envulopuyo mudzaipereke ndi manja anu. Ine ndili pa Windsor, ndikatsikira kumtsinje ndimaona nyumba zazitali za Detroit tsidya linalo. Magalimoto a nambala za Michigan ndi Ohio ali mbwee m'tauni muno tsiku lililonse, m'malo odyera, kukasino, ngakhale kutchalitchi kwathu, ndipo sindinaonepo ndi maso angawa galimoto yokandidwa chifukwa cha nambala. Anamwino ambiri a kuno amagwira ntchito m'zipatala za ku Detroit, amawoloka m'mawa nkubwerako madzulo. Mabanja anakwatirana kalekale. Munthu angakande bwanji galimoto ya mlamu wake?

Chimene chasintha ndi ulendo wopita uko. Kale Loweruka anthu a kuno ankawoloka kukathira mafuta, kukagula zovala, kukaonera mpira. Ambiri anasiya. Aneba anga, bambo wachikulire amene wakalambira m'fakitale ya zipangizo za galimoto, analumbira kuti sadzapondako mpaka zinthu zitasintha. Koma yemweyo mwezi wathawu anaotchera nyama alendo ake ochokera ku Toledo, kuseka pabwalo mpaka ine ndinalephera kugona.

Nachisale (South Bend, Indiana)
Zikomo bambo, mtima wayamba kukhala pansi.

Mayi a Chisomo (Brampton)
Achemwali, usakhale pansi kwambiri mtimawo. Za galimoto ndikugwirizana nawo a Windsor, palibe adzaikhudze. Koma musabwere mukuganiza kuti kuno kuli phee. Mukubwera ku Brampton, kumene mu October 2025 kampani ya Stellantis inalengeza kuti galimoto ya Jeep Compass, imene inkayenera kupangidwa pafakitale ya kuno, ikapangidwira ku Illinois. Antchito pafupifupi 3,000 anali kunyumba kudikira kuti fakitaleyo itsegulidwenso. Ena mwa iwo, kapena akazi awo, mwina mudzakhala nawo tebulo limodzi paukwatipo. Sadzakutukwanani, anthu a kuno satero. Adzakumwetulirani, adzafunsa ana maina ndi sukulu. Koma bambo a kunyumbawo akadzangoyerekeza kuseleula zonena Trump zija zoti Canada ikhala chigawo cha 51 cha America, mudzamva mafoloko akuikidwa pansi.

Nachisale (South Bend, Indiana)
Kkkk mwawadziwa bwanji? Munthuyu sanavotere Trump, koma pakamwa sipatseka. Akangomwa kapu imodzi, nthabwala iliyonse imene yadutsa m'mutu imatuluka.

Mayi a Chisomo (Brampton)
Ndiye muyambe kuwaphunzitsa lero. Nthabwala zonse aloleni, za kuzizira, za mkaka wathu wa m'mapulasitiki, za mtengo wa nyumba. Imodzi yokhayo aisiye ku Indiana.

Nabanda (Montreal)
Ndilowererepo pang'ono, chifukwa ine alendo a ku America ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku. Ndimaperekera zakudya mu lesitilanti ina kufupi ndi doko lakale, ndipo a ku Vermont, New York ndi Massachusetts samatha. Chaka chino ambiri akumalowa ndi chipepeso. Munthu asanatsegule ndi menyu yomwe wayamba kale, pepani, ife sitinamuvotere, tikuchita manyazi. Ena amabwera atabaya kabaji ka tsamba lofiira pachifuwa. Mu March ndi April zinkatigwira mtima, sindikana. Koma pofika mu August mnzanga wina, mbadwa ya konkuno ku Quebec, anandiuza kukhitchini kuti watopa nazo. Akuti munthu ukapepesa kwa woperekera mbale ndiye kuti ukufuna akutonthoze, ndipo iye matebulo ali nawo asanu ndi limodzi, sangakwanitse kutonthoza aliyense. Akuti chipepesocho akachitule kwa aphungu awo kwawo, kuno angonena chimene adye.

Anthabwala aja alipo koma ndi ochepa. Tsiku lina mu July bambo wina atamaliza kudya anatulutsa madola a America nkunena mokweza kuti tingolandira, posachedwapa ndalama ikhala imodzi. Anaseka yekha. Matebulo a pafupi anangoti zii, mkazi wake maso pansi. Bwana wathu anabwera mwaulemu wake wonse nkumuuza kuti timalandira khadi kapena ndalama ya Canada, ndipo anaima pomwepo mpaka khadi inatuluka. Palibe anakweza mawu. Koma potuluka palibe anamutsegulira chitseko, palibe anamuuza kuti adzabwerenso. Kwa anthu a kuno kumeneko ndiye kukalipa kwenikweni.

Gama (Dallas, Texas)
Koma abale, tinene zoona, a ku Canada akukulitsa nkhani. Trump amalankhula choncho ndi aliyense, ndi njira yake yochitira malonda. Ndani angatumize asilikali ku Ottawa? Munthu wanena nthabwala mu lesitilanti, walipira ndalama zake, inu mukumuzizirira ngati wapha munthu. Nanga zokuwiza nyimbo ya fuko la anzanu pabwalo la masewero, ana akuonera, ndi ulemu umenewo? Kuno ku Texas anthu ambiri sakudziwa nkomwe kuti pali mkangano.

Mayi a Chisomo (Brampton)
Achimwene, chomwe mwanena pomalizacho ndi chimene chimawawa kwambiri. Kuno anthu ntchito zikutha, uko sakudziwa nkomwe.

Tiyerekeze mlendo wochokera ku Tanzania wafika pa Nkhata Bay, mwamuphikira batala, wakhuta, kenako akuloza nyanja nkunena moseka kuti theka lake ndi lathu ili. Mungaseke naye? Ndiye muonjezerepo kuti mtsogoleri wa kwawo akunena zomwezo pawailesi mwezi ndi mwezi, ndipo dziko lakelo ndi kumene mumagulitsa fodya wanu yense. Mlendoyo simungamumenye, koma batala wachiwiri simuphika.

Gama (Dallas, Texas)
Kkkk za nyanja musazilowetse mayi, pamenepo ndiye tigwirizana tonse.

Agogo Mbewe (Ottawa)
Ana anga, ndiloleni ndiyankhe a Gama, chifukwa nkhani yoti zinali nthabwala ine ndinaikhulupirirapo mwezi umodzi, monga anachitira anthu ambiri a kuno. Mu December 2024 Trump atayamba kutchula Justin Trudeau, nduna yaikulu ya Canada panthawiyo, kuti bwanamkubwa, anthu ankaseka, ena osamukonda Trudeau ankasangalala nazo. Kuseka kunatha pa 7 January 2025, pamene mtolankhani anamufunsa ngati angagwiritse ntchito asilikali kuti atenge Canada, iye nkuyankha kuti ayi, adzagwiritsa ntchito mphamvu ya chuma. Kenako mphamvu ya chumayo inabweradi. Pa 4 March msonkho wa 25 peresenti unayamba pa katundu wa Canada, mafuta ndi magetsi 10 peresenti. Zitsulo ndi aluminiyamu anazikweza mpaka 50 peresenti mu June. Nthawi imeneyo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a katundu amene dziko lino linkagulitsa kunja ankapita ku America, ndiye mungaone nokha kuti munthu akanena kuti ndikufinya mpaka ugonje, kenako nkuyambadi kufinya, nthabwala yathera pomwepo.

Chifukwa chimene anapereka chinawonjezera mkwiyo. Ankati ndi mankhwala ozunguza bongo a fentanyl, pamene mankhwala ogwidwa pamalire a kumpoto sankafika ndi 1 peresenti yomwe ya onse ogwidwa polowa m'dziko lawo. Boma la kuno linali litalonjeza kale madola 1.3 biliyoni okhwimitsira malire. Sizinathandize.

Mukafuna kuyeza kukula kwa mkwiyowo, onani chisankho cha pa 28 April 2025. Mu January chipani cha Liberal chinali chitafa, kafukufuku aliyense ankaonetsa a Conservative ali patsogolo kutalitali. Patangotha miyezi itatu Mark Carney wa Liberal anapambana, ndipo mtsogoleri wa Conservative, Pierre Poilievre, anataya mpando wake womwe wa Carleton, konkuno ku Ottawa, umene anaugwira zaka zoposa 20. Anthu sanayambe mwadzidzidzi kukonda a Liberal, ayi. Ankafuna munthu wokaima pamaso pa Trump. Pa 6 May Carney ali ku White House anamuuza kuti Canada siikugulitsidwa ndipo siidzagulitsidwa, mwini nyumba nkuyankha kuti osamanena kuti sizidzachitika. Kodi a Gama, nthabwala imanenedwa kangati isanakhale mfundo?

Gama (Dallas, Texas)
Agogo, zamveka, ndipo sindingatsutsane nanu pa masiku ndi manambala. Koma za nyimbo ya fuko simunandiyankhe.

Agogo Mbewe (Ottawa)
Zimenezo inenso sindinazikonde, ndinakulira m'nthawi yoti nyimbo ya fuko ikamaimbidwa ngakhale njinga umatsika. Zinayambira kuno ku Ottawa pa 1 February 2025, tsiku lomwe msonkho unalengezedwa, kenako Toronto, kenako Montreal pa mpikisano wa hockey wa maiko anayi, pamene osewera anamenyana katatu m'masekondi 9 oyambirira. Canada itapambana ndime yomaliza ku Boston pa 20 February anthu anavina m'misewu ngati tapata ufulu. Trudeau mwini wake ananena poyera kuti anthu sakukuwiza anthu a ku America, kapena matimu awo, kapena osewera awo, akukuwiza mfundo yofuna kuwapweteka. Mukhoza kunena kuti kusiyanitsa kumeneko nkovuta kwa munthu amene nyimbo yake ikukuwizidwa, ndipo mungakhale mukunena zoona. Koma ndiko kusiyanitsa kumene anthu ambiri a kuno akuyesetsa kuchita, ndipo ndi chifukwa chake mayi Nachisale adzafika bwino ndi kubwerera bwino.

Chimwemwe (Toronto)
Ine ndimagwira ntchito ya chitetezo pafupi ndi bwalo la masewero la Rogers Centre. Sabata ya World Series, ndime yomaliza ya mpikisano wa baseball, anthu ovala malaya a Dodgers, timu ya ku Los Angeles, anali ponseponse, m'sitima, m'mabala, pamzere wa khofi. Ankanyozedwa, inde, koma za mpira. Tsiku lomaliza pa 1 November 2025 Blue Jays, timu ya kuno, itagonja mzinda wonse unali ngati pamaliro, komabe ndinaona anyamata a kuno akujambula chithunzi banja lina la ku California pafoni yawo. Ndipo musaiwale kuti osewera ambiri a Blue Jays ndi a ku America komweko. Anthu amene amati timadana ndi Amereka akhala mwezi wathunthu akuwaimbira m'manja Amereka.

Naphiri (Calgary)
Inu a Ontario mumalankhula ngati Canada yonse ndi Toronto. Kuno ku Alberta nkhani ndi ina. Mtsogoleri wa chigawo chathu, Danielle Smith, anapita ku Mar-a-Lago, kunyumba kwa Trump ku Florida, mu January 2025 kukaonana naye, ndipo mowa wa ku America umene unachotsedwa mu March unabwerera m'masitolo mu June. Ku Stampede, chikondwerero chachikulu cha kuno ku Calgary, mu July a ku Montana ndi Texas anali tho, zipewa zawo, palibe anawayang'ana kawiri. Kuntchito kwanga kuli anthu amene amakwiyira Ottawa kuposa Washington, ndipo ukatuluka kunja kwa mzinda ukhoza kuona mbendera ya Trump pa galimoto ya nambala ya Alberta. Sindikunena kuti ndi ambiri amene akufuna kulowa America, ndi ochepa ndithu. Koma a Gama atabwera kuno akhoza kupeza anzawo ocheza nawo.

Mayi a Chisomo (Brampton)
Mafuta anu anawaika msonkho wa 10 peresenti yokha, ndiye mukhoza kuvala zipewa mosangalala.

Naphiri (Calgary)
Aaa mayi, ine mafuta ndili nawo ati? Ndimasamalira okalamba ngati inu nomwe kkkk.

Che Jafali (Mississauga)
Salaam abale. Ndinali pamsewu, ndangowerenga zonse tsopano. Ine ndimayendetsa thiraki, malire ndimawoloka sabata iliyonse, pena pa Windsor, pena pa Fort Erie kulowa Buffalo, pena pa Sarnia. Chimene ndaona ndi maso ndi mizere ya magalimoto ang'onoang'ono. Yopita ku America inafupika kwambiri. A Statistics Canada akhala akutulutsa ziwerengero mwezi ndi mwezi zosonyeza kuti maulendo a pagalimoto a anthu a kuno obwerera kuchokera ku America anatsika mu 2025 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi 2024. A ku America obwera kuno atsikanso, koma osati choncho. Ndiye kunyanyala kulipo, koma anthu akunyanyala ndi chikwama chawo, sakunyanyala mlendo.

Akumva kuwawa ndi a m'matauni a m'malire tsidya linalo. Mayi wina wogulitsa pamalo pamene ndimaima kumpoto kwa New York akangoona nambala ya Ontario amatuluka yekha kudzandifunsa kuti anthu anu abwerera liti. Ku Burlington, Vermont, khonsolo inafika posintha dzina la msewu wawo waukulu wa malonda kuutcha Canada Street kwa miyezi yotentha. Bwanamkubwa wa Maine anaika zikwangwani zolandira anthu a ku Canada, zina m'Chifalansa. Pamene anthu wamba akuchita zimenezo, kazembe wawo ku Ottawa, Pete Hoekstra, anati kusiya kupita ku America ndi kuchotsa mowa ndi zina mwa zifukwa zimene a ku White House amaonera Canada ngati dziko lankhanza ndi lovuta kukambirana nalo. Tsiku limenelo pa wailesi ya m'thiraki anthu oimba foni anali moto.

Ndinenenso kuti nanenso nambala yanga ya Ontario palibe anaikandapo ku Ohio kapena ku Kentucky. Anthu amangofunsa ngati kwathu kwayamba kuzizira.

Gama (Dallas, Texas)
Nanga mtsogoleri wa Ontario uja, Doug Ford, ndi uthenga wake wa pa TV wa mawu a Reagan, pulezidenti wakale wa America, sanaonjeze moto yekha? Zokambirana za malonda pakati pa Canada ndi America zinali zikuyenda, iye nkuzisokoneza.

Bambo a Yamikani (Windsor)
Pamenepo anthu a kuno agawanika. Ena akuti Doug Ford anawononga madola 75 miliyoni kuti akwiyitse munthu amene timafuna asaine pepala, ndipo Carney anachita kupepesa. Ena akuti mawuwo ndi a Reagan mwini wake a mu 1987 otsutsa misonkho yotere, ndiye cholakwa nchiyani kuwakumbutsa? Aneba anga aja ali mbali yachiwiri, chipewa chawo cholembedwa kuti Canada siikugulitsidwa sachivula ngakhale potchetcha kapinga. Ine ndimangoona kuti ukakhala ndi mnansi woti mawu amodzi akhoza kuthetsa zokambirana za miyezi, vuto si mawuwo.

Tiyamike (Halifax)
Ndine wamng'ono pagulu pano koma ndiloleni. Anti Nachisale, inu mukuopa nkhope zozizira. Ife a mbali ino tikuopa chipata chenichenicho. Mu March 2025 mayi wina, nzika ya Canada, mzungu, anasungidwa pafupifupi masabata awiri m'malo osungira anthu olowa m'dziko atapita kukakonza chilolezo chake cha ntchito pamalire a San Diego. Nkhani imeneyo inafala dziko lonse. Mu April bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite a kuno linalangiza mamembala ake kuti asapite ku America ngati palibe chifukwa chachikulu. Agogo amene amathawira ku Florida ndi Arizona nyengo yozizira anauzidwa kuti akakhala masiku oposa 30 azilembetsa ku boma. Ena agulitsa nyumba zawo kumeneko.

Ndiye ife a pasipoti ya Malawi nkhani yathu ndi ina. Pa 20 August 2025 anayambitsa lamulo loti Mmalawi kapena Mzambia wopempha viza yokacheza ku America azitha kuuzidwa kuti apereke chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Ine mwana wa sukulu ndizitenga kuti? Msuweni wanga ali ku Boston, ulendo wa ola limodzi ndi theka pandege, koma tikuonana pafoni ngati ali ku Mzimba. Inu mukhoza kubwera kuno ndi green card yanu popanda viza. Bwerani mutionere m'malo mwa abale athu amene sitingawafikire.

Nachisale (South Bend, Indiana)
Mwana wanga, wandikhudza. Za chikolezo kuno ku South Bend tikulira nazo, Amalawi tilipo ambiri ndipo aliyense ali ndi mayi kapena mchemwali amene amafuna adzaone mdzukulu.

Tiyamike (Halifax)
Koma kuti musaone ngati kuno ndi mkwiyo wokhawokha, sitima zapamadzi za alendo zakhala zikukocheza pa Halifax mpaka mwezi wathawu, zodzaza ndi a ku America, ndipo ogulitsa m'mbali mwa doko amawalandira ndi manja awiri. Mtengo wa Khirisimasi umene Nova Scotia imatumiza ku Boston chaka chilichonse ukupitanso chaka chino. Ndi wothokoza chifukwa pa 6 December 1917 sitima yodzaza zida itaphulika padoko lino nkupha anthu pafupifupi 2,000, a ku Boston anatumiza msanga sitima ya pamtunda ya madokotala ndi anamwino. Mayi amene ndimachita lendi kunyumba kwawo anasiya kugula malalanje a ku Florida, amatembenuza botolo lililonse m'sitolo kuona kumene lapangidwa, koma ukawauza zosiya kutumiza mtengowo akhoza kukutulutsa m'nyumba.

Agogo Mbewe (Ottawa)
Wanena bwino mdzukulu. Ndipo mkwiyo wa anthu a kuno umachokera pomwepo, pa zimene anachitirana kale. Pa 11 September 2001 America itatseka mlengalenga mwake, ndege 38 zinatera pa Gander ku Newfoundland, katauni ka anthu osakwana 10,000, ndipo anthu a kumeneko anasunga alendo oposa 6,000 m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba zawo. Asilikali a Canada 158 anafera ku Afghanistan pankhondo imene inayamba chifukwa America inaukiridwa. Mu January 2025, Los Angeles ikupsa, ndege zozimitsa moto za ku Quebec zinali m'mwamba kuthira madzi, sabata yomweyo imene ankanena za mphamvu ya chuma. Munthu wa kuno akamati takhumudwa, akuwerenga zimenezo.

Pali kanyumba kena ka mabuku pamalire a Quebec ndi Vermont, Haskell Free Library, kamene anakamanga dala pamzere wa malire zaka zoposa 100 zapitazo. Pansi pake pali mzere wakuda, mbali ino Stanstead, mbali iyo Derby Line. Zaka zonsezi a ku Canada ankangoyenda pang'ono m'mbali mwa msewu nkulowa pakhomo la mbali ya America popanda pasipoti. Mu 2025 boma la America linaletsa zimenezo, ndipo anachita kukonza khomo lina kumbuyo, mbali ya Canada. Ndalama zokonzera khomolo anasonkha ndi anthu a mbali zonse ziwiri.

Nabanda (Montreal)
Dera lomwelo la Eastern Townships ndi limene linatulutsa uthenga wokopa alendo uja, wa mlendo amene akunong'ona mwamanyazi pa hotelo kuti ndi wa ku America, mayi wolandira alendo nkutuluka kudzamukumbatira. Unafala kwambiri. Ku Nanaimo, ku British Columbia, munthu wina anangoitana pa intaneti kuti a ku America amene amatikonda abwere adzacheze, ndipo mu April anabwera mazanamazana. Mnzanga wa kukhitchini uja atauona uthenga wokumbatirawo anati iye kukumbatira ayi, koma madzi awathirira.

Chimwemwe (Toronto)
Tinenenso chimodzi chimene aliyense akuchizemba. Anti, inuyo ndi ana anu mukatsika galimoto palibe adzaganize kuti ndinu a ku America. Adzaona munthu wakuda nkufunsa kuti kwanu kwenikweni ndi kuti. Ndipo masiku ano mkwiyo umene ine ndimaumva m'basi ndi pa intaneti sulunjika kwa alendo a ku Michigan, ukulunjika kwa obwera kudzakhala, makamaka ana a sukulu ochokera ku India, chifukwa cha kusowa kwa nyumba ndi ntchito. Boma linachepetsa kale zilolezo za ophunzira kuyambira 2024. Ku Brampton mukupitako nkhani imeneyo ndi yotentha kuposa ya Trump. Bambo a kunyumba ndi amene adzakhale mlendo wolemekezeka.

Mayi a Chisomo (Brampton)
Apo sindikutsutsa. Zonse ziwiri zilipo.

Nachisale (South Bend, Indiana)
Abale mwandithandiza kwambiri. Ndawawerengera bambowa zina mwa izi, akuti nthabwala ija aisiya, koma akufunsa ngati angabweretse botolo la mowa wa ku Kentucky la mphatso kwa atsibweni a mkwati, kapena kumeneko kukhala kutukwana.

Bambo a Yamikani (Windsor)
Kkkkk abweretse! M'masitolo a LCBO, a boma la Ontario ogulitsa mowa, mowa wa ku America anauchotsa pa 4 March 2025. Atsibweniwo pagulu adzanena kuti ife timamwa za konkuno, koma botolo silidzabwerera ku Indiana, ndikulumbira. Malire ake ndi malita 1.14 munthu wamkulu mmodzi popanda msonkho, ndipo mukafunsidwa pachipata munene.

Zofunika kwambiri ndi izi mayi. Inuyo mutenge pasipoti ya Malawi yosatha ntchito pamodzi ndi green card, zonse ziwiri, osati imodzi. Bambowo ngati amasunga mfuti m'galimoto monga amachitira ambiri kwanuko, aisiye kunyumba, ndipo afufuze bwino m'kabokosi ka kutsogolo ndi pansi pa mpando kuti musatsale ngakhale chipolopolo. Anthu ambiri a ku America amene amalowa m'mavuto pachipata pano ndi a mfuti zoiwalika, osati a ndale. Kabotolo kopopera tsabola m'maso kodzitetezera nakonso nkoletsedwa. Ndipo ngati anagwidwapo akuyendetsa galimoto ataledzera, ngakhale kalekale, afufuze msanga, chifukwa mlandu umenewo kuno amautenga ngati waukulu ndipo akhoza kubwezedwa.

Gama (Dallas, Texas)
Ndiye mwaona, mowa wathu mukuufunabe.

Mayi a Chisomo (Brampton)
A Gama, inu mwaitanidwa ndani paukwatiwu?

Che Jafali (Mississauga)
Musiyane nawo a Gama, atibweretsera nyama ya ku Texas pa World Cup ya 2026, Toronto ili ndi masewero ake mu June.

Mayi Nachisale, za njira. Foni idzakuuzani kuti mudzere I-69 mpaka Port Huron, muwoloke Blue Water Bridge kulowa Sarnia, kenako 402 mpaka London. Miyezi yotentha njira imeneyo ndi yabwino, mzere wake umakhala waufupi. Koma mu December mphepo ikachokera ku nyanja ya Huron sinowo imatsika pa 402 mwadzidzidzi moti galimoto ya patsogolo panu simuiona. Mu December 2010 anthu mazana anagona m'magalimoto pamsewu umenewo mpaka asilikali anabwera ndi ndege kudzawatenga. Ndi ana m'galimoto, dzerani I-94 mpaka Detroit, muwoloke pa mlatho wa Ambassador kapena pansi pa mtsinje, mugwire 401. Kuchokera pa Windsor mpaka Brampton ndi pafupifupi maola anayi ngati kunja kuli bwino. Zikwangwani zikati 100 ndi makilomita, muwauze bambowo asaponde ngati ali ku Indiana. Mafuta muthire full musanawoloke, kuno ndi okwera mtengo ndipo timagula pa lita.